Mano Akumwamba Akamaphimba Akunsi

Madzulo ano muuze mwana wanu alume mano, kenako muyang'ane. Mwa anthu ambiri, mano akutsogolo akumwamba amaphimba akunsi pang'ono chabe, mamilimita 2 kapena 3. Koma mwa ana ena akunsiwo amabisika theka kapena onse, mpaka kumabaya nkhama za kuseri kwa mano akumwamba. Mwana wotere amatha kudandaula zilonda akamatafuna chimanga chokazinga, ndipo mano ake amaperepeseka msanga.

Mumuyang'anenso cham'mbali. Nthawi zambiri nkhope imaoneka yaifupi kuchokera pamphuno kufika pachibwano, mlomo wakunsi umapindikira kunja, ndipo pansi pake pamakhala polowa kwambiri. Anzake kusukulu akayamba kumuseka, musamukalipire kuti atambasule milomo. Ndi mmene mano ndi nsagwada zakhalira.

Kodi thandizo lingasinthe nkhope? Zimadalira msinkhu. Mwana amene akukula, makamaka wa zaka 11 mpaka 14, dokotala wa mano amatha kumuveka kachipangizo kamene kuchipatala amati aparelho. Kamalekanitsa mano otafunira kuti atalike pang'ono. Pamenepo nkhope yakumunsi imawonjezekako ndipo polowa paja pamachepa. Kwa wamkulu, mawaya amasuntha mano okha, fupa linakhwima kale. Kalumidwe kamakhala bwino, koma nkhope imasintha pang'ono kwambiri. Ngati vuto lili pa nsagwada yeniyeniyo, pamafunika opaleshoni. Wina akakulonjezani nkhope yatsopano ndi mawaya okha, akukunamizani.

Thandizoli limatenga chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, ndipo akatswiri ake amapezeka m'mizinda ikuluikulu. Kwa banja la ku Angónia kapena Milange, ulendo wobwerezabwereza si nkhani yaing'ono. Choncho yambani ndi chipatala chanu cha m'boma, akamuone kaye. Ngati mano sakuvulaza nkhama ndipo mwana akudya bwino, mwina adzangoti muzibwera naye kudzamuyeza. Mawaya ogula pamsika ayi ndithu: amagwedeza mano ndi kuwononga nkhama.

Chimene mungachite pakhomo ndi kusamala mano otafunira. Pa zaka 6 mwana amamera dzino lalikulu kumbuyo kwa onse. Makolo ambiri amaliyesa la ubwana, koma silidzameranso. Mano akumbuyo akazulidwa ambiri, nsagwada zimayandikana ndipo nkhope imafupika, ngakhale mwa akuluakulu. Muzimutsukitsa m'mawa ndi pogona, ndipo dzinolo likachita kadontho kakuda, pitani naye lisanayambe kupweteka, pamene angathe kulimata m'malo molizula.