Ndalama za UIF ndi thukuta lanu: zimene muyenera kuchita ntchito ikatha

Uthengawu ndi wa inu ogwira ntchito m'nyumba za anthu ndi m'mafamu muno mu South Africa. Pa kafukufuku wanga ndamva mawu amodzi mobwerezabwereza: "UIF ndi ya eni dziko." Mawu amenewa ataitsa anthu ndalama zawo, ndipo ndi amene ndabwera kudzatsutsa lero.

UIF ndi thumba la boma lothandiza munthu amene ntchito yamuthera. Lili pansi pa Department of Employment and Labour, ndipo lamulo lake ndi la chaka cha 2001. Ogwira ntchito zam'nyumba analowetsedwamo mu 2003. Aliyense wogwira ntchito maola oposa 24 pamwezi kwa bwana mmodzi ayenera kulembetsedwa. Pa R100 iliyonse ya malipiro anu amadulapo R1, bwananso amaikapo R1 yake. Wolandira R4,000 pamwezi amapereka R40, bwana R40. Choncho mukapita kukaitanitsa ndalamazi simukupempha chithandizo ayi. Mukutenga zimene munasungitsa.

Masiku anayi alionse amene mwagwira ntchito amakupatsani tsiku limodzi lolandira, ndipo masikuwo sapitirira 365 pa zaka zinayi. Amene wagwira zaka ziwiri ali ndi masiku pafupifupi 182. Ndalamayo si malipiro athunthu: imayambira pa 38 mpaka 60 peresenti, ndipo wolandira zochepa ndiye amapatsidwa gawo lokulirapo.

Tsopano mvetsetsani mfundo yaikulu: nkhani ya UIF imakoma kapena kuwonongeka pa tsiku limene mukutuluka pageti. Bwana ayenera kudzaza fomu ya UI-19, imene imanena tsiku loyamba ntchito, tsiku losiya, malipiro ndi chifukwa chimene ntchito yathera. Mukachotsedwa, kontirakiti ikatha monga zimakhalira nyengo yothyola zipatso ikapita, kapena bwana wa panyumba akamwalira, muli ndi ufulu wolandira. Koma fomuyo ikanena kuti mwasiya mwa kufuna kwanu, khomo latsekeka. N'chifukwa chake ndikukudandaulirani: musasaine kalata yosiya ntchito imene simunaifune, ngakhale akulonjezeni kangachepe ka m'manja. Pemphani kuti muwerenge kaye, kapena wina amene mumamkhulupirira akuwerengereni. Safunsa anadya phula.

Mukatero, pitani ku Labour Centre yapafupi, kapena lembetsani pa intaneti kudzera pa uFiling. Tengani pasipoti ndi chilolezo chanu, fomu ya UI-19, mapepala a malipiro, ndi fomu ya UI-2.8 yotsimikizidwa ndi banki, pakuti ndalama zimalowa mu akaunti ya dzina lanu, osati ya mbale wanu. Adzakulembaninso m'kaundula wa ofuna ntchito. Lamulo limapereka miyezi 12 kuchokera tsiku limene ntchito inatha, koma musadikire mwezi womaliza. Kulembetsa n'kwaulere, wokuuzani pamzere kuti mumpatse ndalama afulumizitse zinthu, mkaneni.

Zikavomerezeka, ntchito yanu sinathe. Muyenera kumatsimikizira pa nthawi imene akuuzani kuti simunapezebe ntchito. Mukaphonya, ndalama zimaima. Mukapeza ntchito ina, kaneneni, chifukwa kupitiriza kulandira ndi mlandu. Amene mukulingalira zobwerera ku Mzimba, ku Chipata kapena ku Tete, yambani mwalongosola zimenezi musanakwere basi, ndipo akaunti ya kubanki musaitseke.

Nanga ngati bwana sanakulembetseni, kapena ankadula ndalama osazipereka? Kulakwa ndi kwake, si kwanu. Kaneneni ku Labour Centre, kumene kuli oyendera malo a ntchito. Umboni wanu ndi mapepala a malipiro, mauthenga a WhatsApp, ndi zolemba za kubanki zoonetsa ndalama zolowa mwezi ndi mwezi. Ngati mwachotsedwa mopanda chilungamo, dandaulo lipite ku CCMA pasanathe masiku 30.

Sindikubisirani: kwa amene mapepala ake okhalira m'dziko muno sali bwino, njira ya UIF ndi yovuta kwambiri. Komabe mu 2008 Labour Court inagamula kuti mlendo wopanda chilolezo choyenera akadali wogwira ntchito pamaso pa lamulo, ndipo CCMA ingamve dandaulo lake. Musanadzigamule nokha kuti palibe chanu, funsani ku bungwe la ogwira ntchito kapena ku ofesi yopereka uphungu wa zamalamulo mwaulere.

Kwa inu amene mudakali pa ntchito, pempho langa ndi limodzi. Sabata ino funsani bwana mwaulemu ngati anakulembetsani, ndipo jambulani pa foni pepala lililonse la malipiro. Ndikudziwa kuti kufunsa kumaopsa pamene chakudya cha ana kumudzi chikudalira munthu yemweyo. Koma mbewa ya manyazi inafera kudzenje.