Wakutsina Khutu Ndi Mnansi: Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Nthambi



Lero tifuna kunena za munthu mmodzi amene sasowa pa msonkhano uli wonse. Mumdziwa. Ndiye uja amaimika dzanja ena atayamba kale kupinda mphasa, nafunsa kuti, "Kodi ndalama za makadi zija zinapita kuti?" Mlembi akamyankha, mwezi wamawa abweranso ndi funso lomwelo. Ena amutcha wamakani, ena wosokoneza, ndipo tamva kuti alipo ena afuna kuti munthu wotere tizimtsekera kunja. Ife tikuti iai, ndipo imvani chifukwa chake.

Dziko lino silinatuluke m'manja mwa atsamunda ndi anthu oomba m'manja. Mu 1914 Mbusa John Chilembwe wa ku Chiradzulu analembera kalata nyuzipepala ya Azungu ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu osauka alikufera nkhondo yosadziwa chiyambi chake. Mu 1953 Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu inakana Chitaganya, niuza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, ndipo Boma linaichotsa pa ufumu. Onse awiri ankatchedwa osokoneza. Koma Chitaganya chinatha mu 1963, ndipo nkhope ya Chilembwe iri pa ndalama imene muli nayo m'thumba.

Tsono mvetsetsani zimene zinadza pambuyo, pakuti phunziro lalikulu liri pamenepo. Ufulu unabwera pa 6 July 1964. Pasanathe miyezi iwiri, nduna zina zinamuuza Dr. Banda pamaso zimene zinkawawa anthu. Zinati tiki imene odwala ankalipira ku chipatala ikulemera anthu a kumudzi, Amalawi akuchedwa kupatsidwa ntchito zazikulu za m'Boma, ndipo sikoyenera kupalana ubwenzi ndi Apwitikizi amene ankapondereza abale athu ku Mozambique. Yankho lake linali kuwachotsa. Mu September, Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi mai Rose Chibambo anachotsedwa, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Masauko Chipembere anatula pansi maudindo ao. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr. Banda anakhala mtsogoleri wamuyaya.

Kodi zolakwa zinatha otsutsa aja atachoka? Sizinathe. Chimene chinatha ndi munthu wozinena. Mu 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza, anthu nauzidwa kuti ndi ngozi ya galimoto. Mlakatuli Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaweruzidwa mlandu. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Abale, mukapha galu chifukwa akusokosera usiku, fisi saleka kubwera. Mudzagona tulo tokoma, mbuzi zikutha m'khola.

Ndipo anatsegula pakamwa pa dziko ndani? Anali amakani omwewo. Pa 8 March 1992 maepiskopi a Katolika anawerengetsa kalata yao m'matchalitchi, kunena poyera zimene anthu ankanong'onezana m'nyumba. Mwezi wotsatira Chakufwa Chihana anabwerera kwao akudziwa kuti amangidwa, namangidwadi pa bwalo la ndege. Pa 14 June 1993 anthu ambiri anavotera zipani zambiri. Kuchokera 1964 kufika tsiku limenelo zinapita zaka 29. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo wotsutsa weniweni ndi wotero, salema.

Koma tisasokoneze zinthu. Wotsutsa ndi wina, wamiseche ndi wina. Wotsutsa amanena pa bwalo, dzuwa likuswa mtengo, mwini nkhani ali pomwepo. Wamiseche amakhala duu pa msonkhano, kenaka nkhani akaiyambira ku mowa. Wotsutsa amatchula chinthu: matumba angati, tsiku liti, anasaina ndani. Wamiseche amati, "Anthu akunena." Woyambayo tiyenera kumsunga ngati mbeu. Wachiwiriyo timuitane adzanene pano zimene amanena kuseri.

Chifukwa chake tikupempha nthambi ino zinthu zitatu. Choyamba, a Pampando asatseke msonkhano dzanja la munthu likali m'mwamba. Chachiwiri, funso la ndalama liziyankhidwa ndi buku la msungichuma, lotsegula, kuti ali yense wodziwa kuwerenga aone yekha. Kukalipa si yankho. Chachitatu, pasapezeke munthu wolandidwa khadi kapena kumanidwa gawo lake pa zinthu za nthambi chifukwa anafunsa funso lowawa.

Nanunso otsutsa tiri nanu mau. Bwerani ndi umboni, osati mphekesera. Nkhani ikaikidwa pa voti nimugonja, musanyanyale. Gwirani ntchito pamodzi ndi anzanu, ndipo mwezi wamawa muli ndi ufulu wofunsanso. Nthawi zina mudzakhala olakwa ndinu, ndipo tidzakuuzani pamaso monga momwe mutiuzira ife. Amene atsutsa pa msonkhano aonekenso ndi khasu lake tsiku lokonza mseu.

Makolo athu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mdani sakuchenjeza, amangoyembekeza kuti ugwe. Tsiku limene msonkhano wathu udzatha popanda wofunsa ngakhale mmodzi, atsogoleri asadzakondwere, koma adzayende khomo ndi khomo kufunsa chimene chaopsa anthu.

Tsopano bwalo ndi lanu, ndipo amene sanagwirizane ndi mau athuwa ndiye ayambe kuimirira.