Mau a Kutali ndi Mau a Pafupi, 1935 kufikira 1939

Pa tsiku la cikondwerero monga lino nkwabwino kuceukira m'mbuyo. Tikumbuke tsono zaka zija pamene nkhondo yaikuru yaciwiri inali pakhomo, kuti tione umo mau anayendera pakati pa anthu, ndi zipatso zimene anabala.

Masiku amenewo amuna ambiri a ku Nyasaland anali pa nchito kunja, ena ku Salisbury, ena ku Joni, ena ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia. M'mwezi wa May 1935 Boma la dzikolo linakweza msonkho wa okhala pa migodi, kucokera pa 12s. 6d. kufika pa 15s. Panalibe wokhala pansi ndi anchito kuwafotokozera. Pa Mufulira apolisi a pa mgodi anangoyenda m'komboni, napfuula kuti msonkho wakwera. Anthuwo anali nazo kale zowawa, ndizo malipiro ocepa, phoso losakwana ndi mnyozo wa akapitao. Potero analeka nchito pa Mufulira, ndi pa Nkana pomwe, mbiri niifalikira m'makalata ndi mwa obvina Mbeni. Pa 29 May, pa mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya, apolisi anaomba mfuti, nafa anthu 6.

Anchito aja analibe wailesi. Ngakhale BBC inayamba kuulutsa mau ku maiko a Ufumu wa Britain m'caka ca 1932, kuno makinawo anapezeka makamaka m'nyumba za Azungu. Koma ku Ulaya ndi ku America wailesi inalowa m'nyumba zosawerengeka, ndipo madzulo banja lonse linaizinga kumvera nyimbo, nthabwala ndi masewera. Olamulira sanacedwe kuzindikira mphamvu yace: ku Germany anapangitsa mawailesi a mtengo wocepa, kuti mau a Hitler afike pa khomo liri lonse.

M'mwezi wa September 1938 anthu a maikowo anachera khutu pa wailesi usana ndi usiku, pakuti Hitler anafuna gawo la dziko la Czechoslovakia. Pa msonkhano wa ku Munich anampatsa gawolo, ndipo Chamberlain, nduna yaikuru ya Britain, anabwerera kwao nalalikira mtendere. Makamu anakondwera, koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mitima isanakhazikike, pa 30 October 1938, Orson Welles anaulutsa ku America sewero la zamoyo zocokera ku Mars zodzathira nkhondo dziko lapansi. Analikonza ngati mbiri yofika mwadzidzidzi, monga zija anthu anazolowera masiku a Munich, ndipo ena analiyesa coonadi, nacita mantha. M'mawa mwace manyuzipepala analemba kuti dziko lonse linapiringizika. Koma ofufuza a pambuyo pace anapeza kuti olembawo anakuza nkhani kopambana.

Nkhondo yeniyeni siinacedwe. M'mwezi wa March 1939 Hitler analanda mzinda wa Prague. Pa 1 September analowa m'Poland. Ndipo pa 3 September Chamberlain yemwe uja ananena pa wailesi kuti Britain ali pa nkhondo. Asilikari a K.A.R. a kwathu kuno anakamenya ku Somaliland, ku Abyssinia ndi ku Burma, ndipo ena sanabwerere.

Mwazi utakhetsedwa ku Luanshya, Boma la Northern Rhodesia linayambitsa nyuzipepala ya Mutende m'caka ca 1936, m'mene munali Cinyanja comwe, ndipo mu 1941 linatsegula nyumba ya wailesi ku Lusaka. Linaphunzira mocedwa kuti anthu osauzidwa bwino adzamva ndithu kwa wina.

Inu aphunzitsi, kale amene anagwira nchito yanuyi ndiwo anawerengera mudzi makalata a ku migodi ndi mbiri za kutali, ndipo anthu akali kukhulupirira cimene cituruka m'kamwa mwanu. Cifukwa cace musanapitirize mbiri, funsani amene waitumiza ndi cimene afuna. Mau okoma muwayese monga muyesa oopsa. Ndipo pokhala ndi mau olemetsa anthu, khalani nao pansi, muwafotokozere, ndi kumvera dandaulo lao lisanasanduke maliro. Mau anga athera pamenepa.