Agogo Akabwerako ku Cipatala

Lero tikamba za agogo aamuna amene acitidwa opaleshoni ya prostate.

Prostate ndi kaciwalo ka amuna okha, kokhala pansi pa cikhodzodzo, kozinga njira ya mkodzo. Mwamuna akapitirira zaka 50 kamakula kawirikawiri, nikafinya njirayo monga dzanja lifinya paipi ya mphira. Si ufiti ai, ndipo kukulako pakokha si khansa. Mankhwala akalephera, madokotala, monga a ku UTH ku Lusaka, amapala mnofu wotsekawo, nthawi zambiri polowera m'njira ya mkodzo momwemo, osang'amba mimba.

Agogo akafika kunyumba, nchito yotsala ndi yanu. Mkodzo wao ungaoneke wofiirira masiku oyamba, ndiponso patapita masabata ngati awiri, nkhanambo ya m'kati ikamacoka. Musaope. Muwatungire madzi abwino, makapu 8 pa tsiku, kuti cikhodzodzo citsukike. Mapapaya ndi ndiwo zamasamba ziwathandiza kuti asadzimbidwe, pakuti kudzikakamiza kucimbudzi kungatsegule bala. Kwa masabata 4 kufikira 6 asagwire khasu, asanyamule thumba la cimanga, asakwere njinga, ngakhale mvula itagwa ndipo mtima wao uli kumunda.

Nthawi zina mkodzo umadontha wokha ndi kunyowetsa zobvala. Musawaseke; kwa ambiri zimenezi zimatha pang'onopang'ono.

Koma akalephereratu kukodza, akatulutsa magazi ambiri oundana, kapena thupi likatentha ndi kunjenjemera, uzani akuluakulu msanga. Awatengere kucipatala nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku.