Kadyedwe Koyenera ndi Vuto la Kunenepa: Phunziro Lochokera ku Khayelitsha

Kuyambira kale ntchito ya mlangizi wa zaulimi yakhala yolimbana ndi njala. Nkhokwe ikadzaza, mlangizi amati ntchito yatheka. Koma m'matauni a kummwera kwa Africa mwabuka vuto limene nkhokwe yodzaza singathetse: anthu akukhuta koma akudwala. Kunenepa mopitirira muyeso kukubweretsa matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima m'mabanja osauka, omwe kale ankaopa njala yokha.

Malo ake ndi anthu ake

Khayelitsha ndi dera limene boma la tsankho la South Africa linakhazikitsa m'chaka cha 1983, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pakati pa mzinda wa Cape Town. Kalembera wa 2011 anapeza kuti kumeneko kunali anthu pafupifupi 392,000. Ambiri ndi Axhosa ochokera ku Eastern Cape, ndipo pakati pawo pali anthu a m'maiko ena, kuphatikizapo Amalawi.

Munthu wochoka kumudzi akafika kuderali amasiya khasu, ndipo chakudya chake chimachokera m'thumba osati m'munda. Timagolosale ta pafupi, totchedwa spaza, timagulitsa kwambiri buledi, ufa, shuga, mafuta ophikira ndi zakumwa zotsekemera. M'mbali mwa msewu mumapezeka nyama yonona yowotcha ndi amagwinya, omwe ndi ofanana ndi mandasi. Zakudya zotere n'zotsika mtengo ndipo zimakhutitsa msanga, koma zimaunjika mafuta m'thupi la munthu amene sagwira ntchito yokhetsa thukuta. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la South Africa wa 2016 anapeza kuti amayi 68 mwa 100 alionse, ndi abambo 31 mwa 100 alionse, anali olemera kuposa muyeso.

Maganizo a anthu

Vutoli silili m'mbale mokha. Pulofesa Thandi Puoane wa pa Yunivesite ya Western Cape, pamodzi ndi anzake, anafufuza pakati pa alangizi a zaumoyo a ku Khayelitsha, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2005. Anapeza kuti alangizi ambiri nawonso anali onenepa, ndiponso kuti thupi lalikulu linkatengedwa ngati chizindikiro cha ulemu ndi mtendere wa pabanja. Kafukufuku wina wa kuderali anaonetsa kuti amayi ambiri ankaopa kuchepa thupi kuti angaganiziridwe kuti ali ndi kachilombo ka HIV.

Maganizo amenewa si achilendo ku Malawi, kumene munthu akanenepa amauzidwa kuti akusamalidwa bwino. N'chifukwa chake mlangizi wanzeru salankhula zonyoza thupi la munthu. Iye amayamba ndi zimene munthuyo akumva yekha: kupweteka kwa maondo, kupuma mobanika pokwera chitunda, ndi ndalama zomwe zikuthera kuchipatala.

Malangizo a tsiku ndi tsiku

Choyamba ndi kagawidwe ka chakudya. Nsima ikhale yochepa, ndiwo zamasamba zichuluke. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu adye masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 patsiku. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a ku Malawi amaphunzitsa ndi othandiza ngakhale m'tauni.

Chachiwiri ndi nyemba. Chakudya cha Axhosa chotchedwa umngqusho, chomwe ndi chimanga chokonola chophikidwa pamodzi ndi nyemba, chimakhalitsa m'mimba ndipo munthu samva njala msanga. Nyemba, nandolo ndi khobwe zikhoza kulowa m'malo mwa nyama masiku ena a pasabata.

Chachitatu ndi shuga. WHO imati shuga wothira m'zakudya ndi zakumwa asapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku, omwe ndi timasupuni 12. Munthu wothira timasupuni 4 m'kapu ya tiyi, n'kumwa katatu, wafika kale pamuyeso asanagule chakumwa cha m'botolo. Mu Epulo 2018 boma la South Africa linaika msonkho pa zakumwa zotsekemera, koma msonkho sufika pa supuni ya kukhitchini. Kumeneko kumafika mlangizi.

Chachinayi ndi mchere ndi mafuta. Mchere usafike magalamu 5 patsiku, yomwe ndi supuni imodzi yaing'ono, kuwerengera ndi wobisika m'buledi, soseji ndi tizokometsera ndiwo ta m'mapaketi. Mafuta aziyezedwa ndi supuni, osati kutsanulira kuchokera m'botolo, ndipo kuwiritsa kuzichitika kawirikawiri kuposa kukazinga.

Dimba la pakhomo

Nthaka ya ku Khayelitsha ndi yamchenga, ndipo mphepo ya m'chilimwe imaumitsa mbewu. Ngakhale zili choncho, bungwe la Abalimi Bezekhaya, lomwe linayamba mu 1982, lathandiza anthu ambiri, makamaka amayi achikulire, kulima masamba kuseri kwa nyumba ndi m'mabwalo a sukulu. Njira zake n'zodziwika kwa mlangizi aliyense: kuthira manyowa ochuluka, kuphimbira nthaka ndi kubzala zotchinga mphepo. Dimba limapatsa banja sipinachi, kabichi ndi karoti, komanso limalimbitsa thupi la wolimayo.

Ngati mchenga wa ku Khayelitsha ukubala ndiwo, ndiye kuti bonongwe, nkhwani ndi chisoso zingathe kumera ku Ndirande kapena ku Kawale, ngakhale m'thumba kapena m'ndowa yakale.

Udindo wa mlangizi

Anthu amaona mbale ya mlangizi asanamve mawu ake. Pa misonkhano ya alimi ndi bwino kugawa madzi, nthochi kapena mbatata yophika m'malo mwa zakumwa zotsekemera ndi mabisiketi. Mlangizi azilimbikitsa akuluakulu kukayezetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi kuchipatala, pakuti matendawa amayamba mwakachetechete. Ana nawo asaiwalidwe, popeza mmera ndi poyamba: mwana wozolowera ndiwo zamasamba ali wamng'ono sadzazikana akadzakula.