PAUDALA NDI MAPAPO A ANA ATHU

 Tithokoze komiti potipatsa kanthaŵi aka kuti tikambepo za umoyo wa pabanja. Nkhani yathu ikukhudza chinthu chimene tonsefe tinachigwirapo ndi manja athu, ndicho paudala.

Mwana akabadwa pakati pathu, timasonkha kangachepe ndi kupita kukamuona. M'kathumba mwathu simusoŵa sopo, mateŵera ndi kabotolo ka paudala. Timachita zimenezi mwa chikondi, monga anatiphunzitsira amayi athu. Koma lero madokotala akudziŵa zambiri zimene kale sizinkadziŵika, ndipo nkoyenera kuti nafenso tizimve.

Paudala wambiri amapangidwa kuchokera ku mwala wotchedwa talc. Mwala umenewu ndi wofeŵa koposa miyala yonse, mwakuti munthu angathe kuukanda ndi chikhadabo. Amaukumba m'maiko monga China, India ndi Brazil, naupera kufikira usalale kuposa ufa woyera. Kusalalako ndiko kumatikopa, koma vuto lili pomwepo. Tikamakutumula botolo timaona kautsi koyera kakuuluka. Fumbi limeneli ndi lopepuka kwambiri, kotero limapitirira mphuno ndi kukhosi mpaka kukafika mkatikati mwa mapapo. Silisungunuka m'madzi, ndipo thupi limalephera kulichotsa lonse. Pamene lakhala pamachita timibulu ndi zipsera, ndipo zaka zikamapita mapapo amauma, osafutukukanso bwino.

Matenda ameneŵa amatchedwa talcosis. Dokotala wina wa ku Germany, dzina lake Thorel, ndiye anayamba kuwafotokoza m'chaka cha 1896. Kaŵirikaŵiri amagwira anthu ogwira ntchito m'migodi ndi m'zigayo za talc, ndiponso m'mafakitale opanga mphira, penti ndi mbale zadothi. Koma apezekanso mwa anthu amene ankadzithira paudala wochuluka tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Zizindikiro zake ndi chifuwa chouma chosatherapo, befu poyenda ngakhale kamtunda kochepa, ndi kutopa msanga.

Ambiri a ife tikukumbukira abambo ndi amalume amene anapita ku Joni pa Wenela, nabwerako akupuma movutikira chifukwa cha fumbi la m'migodi ya golide. Fumbi lakelo ndi lina, koma mathero ake ngofanana: chipsera chikakhazikika m'mapapo palibe mankhwala ochifafaniza. Popeza zizindikirozi zimafanana ndi za chifuwa chachikulu, wodwala apite kuchipatala akamuyeze, ndipo afotokozere dokotala ntchito imene ankagwira ndi fumbi limene ankapuma.

Kwa khanda ngozi yake siidikira zaka. Posintha theŵera, mwana akavuta timampatsa botolo la paudala kuti aziseŵeretsa. Chitsekerero chikatseguka, ufa uja umakhuthukira kumaso kwake. Njira zopumira za khanda nzopapatiza, ndipo paudala amaziumitsa ndi kuzitseka. Choopsa nchakuti mwana angathe kutsokomola pang'ono naoneka ngati ali bwino, koma patapita maola angapo nkuyamba kubanika. Ana ena anamwalira motero. Nchifukwa chake bungwe la madokotala a ana ku America limalangiza makolo kuti asamathire ana paudala.

Palinso china. M'nthaka, talc nthaŵi zina amapezeka pamodzi ndi asibesitosi, mwala umene fumbi lake limayambitsa khansa. Amayi ambiri ku America anasumira kampani ya Johnson & Johnson pa nkhani imeneyi. Kampaniyo inakana kuti paudala wake ngoopsa, komabe mu 2020 inaleka kugulitsa paudala wa ana wa talc ku America ndi ku Canada, ndipo inalengeza kuti kuyambira 2023 idzaleka pa dziko lonse ndi kumapanga wa chimanga. Mu July 2024, bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika talc m'gulu la zinthu zimene zikukayikiridwa kwambiri kuti zimayambitsa khansa, makamaka ya thumba la mazira a amayi. Chotero ife amene tinazoloŵera kuthira paudala kumalo obisika, tileke.

Nanga tichite chiyani? Mwana tikamsambitsa timpukute bwino ndi nsalu yoyera, makamaka m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Timsinthe theŵera msanga likanyowa, timsiyeko kanthaŵi wopanda theŵera kuti apitidwe mphepo, kenaka timdzoze mafuta a Vaseline. Pamchombo tisathirepo paudala. Wa chimanga nayenso amavutitsa mapapo mwana akampuma, kotero asatinyenge. Ngati m'nyumba muli botolo, likhale lotseka ndi pamalo pamene ana sangafikire. Paudala akakhuthukira mwana kumaso, timchotse pafumbipo, timpukute ndi nsalu yonyowa, ndi kuthamangira naye kuchipatala ngakhale akuseka.

Amayi anzathu, paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tikabwerera kwathu tikawauze ana athu aakazi ndi apongozi athu mofatsa, osawanyoza, pakuti nafenso tinkathira. Ndipo tipemphe komiti iganizirepo kuti ulendo wina tikamakaona khanda, m'kathumba muja mukhale sopo, mateŵera ndi mafuta odzola, paudala atsale m'sitolo.