Babatoni: Waya Mmodzi, Ulendo Wautali

M'phunziro lathu la nyimbo lero tikambirana za timagulu ta oimba todziimira patokha, tija timaimba nyimbo za kumudzi ndi zoimbira zopanga ndi manja. Oimba otere alibe kampani yaikulu yowapatsa malipiro pa mwezi. Nsima yao imacokera m'manja mwa anthu owamvera. Cifukwa ca ici ayenera kucita zinthu ziwiri: kuyenda kukaimba kumene kuli anthu, ndi kujambulitsa nyimbo zao kuti zikafike kumene eni ake sangathe kufika.

Citsanzo cathu ticitenga kwa anansi athu a ku Malawi, amene timamvana nao cinenero. Kumeneko kuli gulu lochedwa Madalitso Band. M'gululi muli anthu awiri okha, a Yobu Maligwa ndi a Yosefe Kalekeni. A Yosefe amaimba gitala wa nsambo zinai, ndipo nthawi yomweyo amagunda ng'oma ndi cidendene ca phazi lao. A Yobu ndiwo amatsogolera nyimbo, uku akuimba babatoni.

Kodi babatoni nciani? Ena a inu munamuona kale. Mmisiri amatenga mtengo wautali wowongoka bwino, naulumikiza ku cibokosi kapena cigubu cokutidwa ndi cikumba ca ng'ombe monga ng'oma. Atatero amakunga waya mmodzi kucokera kumutu kwa mtengowo kufikira kutsinde. Amisiri ambiri wayayo amamcotsa m'thayala lakutha la galimoto. Woimba amagwira kabotolo m'dzanja limodzi namakayendetsa pa waya, pamene dzanja linalo likumenya wayayo.

Pano tiime pang'ono, pakuti mu babatoni muli phunziro la sayansi. Waya akamenyedwa amanjenjemera, ndipo kunjenjemerako ndiko kumabala liu. Koma waya payekha ali ndi liu laling'ono, loti munthu wokhala kukhomo sangalimve. Cikumba cija ndico cimalandira kunjenjemera kwa waya, ndipo popeza n'cotambalala, cimagwedeza mpweya wambiri, liu nkukula. Nanga kabotolo? Pamene kakhudza waya, mbali yonjenjemera imathera pomwepo. Kakasendera kufupi ndi cikumba, mbaliyo imafupika, liu nkukwera. Kakabwerera kumutu kwa mtengo, mbaliyo imatalika, liu nkutsika. Motero waya mmodzi yekha amaturutsa mau onse amene nyimbo ifuna. Lamulo limeneli ndi lomwe lija limagwira nchito pa gitala wa mtengo wapatali wogula m'sitolo. Cotero mwana amene wapanga banjo ndi citini ca mafuta sakungosewera ai. Wayamba kale kuphunzira umisiri weniweni.

Kuno kwathu coimbira ca mtundu umenewu si cacilendo. Nyimbo za kalindula, zimene zinakulira m'cigawo ca Luapula, zinayamba ndi mabanjo opanga okha, ng'oma, ndi coimbira cacikulu ca liu lotsika conga babatoniyu. M'zaka za m'ma 1970 Mtsogoleri Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 ziri zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'Zambia muno. Oimba athu anapeza mpata. Ku Ndola kunali makampani a Teal ndi Zambia Music Parlour amene anali kuturutsa marekodi, ndipo m'caka ca 1978 ku Choma kunabadwa gulu la Amayenge, lotsogozedwa ndi malemu Kris Chali, limene linachuka poimba m'zinenero zambiri za dziko lino. Magulu ambiri a kalindula pambuyo pake anatenga magitala a magetsi. A Madalitso Band iwo sanasiye zoimbira za kumudzi, ndipo ine ndiona kuti mphamvu yao iri pamenepa.

Njira yao sinali yapafupi. Kwa zaka zoposa khumi anthu awiriwa anali kuimba m'miseu ndi m'misika ya mu Lilongwe, kulandira timakobiri toponyedwa ndi odutsa. Woimba wa pamsika alibe woitanira anthu. Nyimbo ikakhala yozizira, anthu amangopitirira ndi mitolo yao. Sukulu imeneyi njowawa, koma imaphunzitsa munthu kugwira mitima ya omvera. Cimbale cao coyamba cinali Fungo La Nyemba. Tsono m'caka ca 2017 anaitanidwa ku cikondwerero ca nyimbo ca Sauti za Busara pa cisumbu ca Zanzibar, m'dziko la Tanzania, ndipo umenewu unali ulendo wao woyamba kuturuka m'Malawi. Kucokera pamenepo anayamba kuitanidwa ku maiko a ku Ulaya.

Ana inu mungaganize kuti ulendo wa oimba ndi cisangalalo cokhacokha. Si tero. Pamafunika pasipoti, cilolezo colowera m'dziko la eni, ndalama za ndege, za malo ogona ndi za cakudya. Zonsezi zimacotsedwa pa ndalama zimene gulu lapeza, ndipo zotsala ndizo zimapita kunyumba. Pamenepa gulu la anthu awiri lipambana gulu la anthu khumi, pakuti matikiti awiri ngopepuka kwa woitana. Zoimbira nazo ziri ndi mabvuto ake. Cikumba ca ng'oma cimalefuka kukakhala cinyontho ndi kuzizira, liu nkufa. Ndico cifukwa cake kumudzi oimba ng'oma amayamba aziwamba pamoto gule asanayambe. Ndipo m'caka ca 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatseka malire a maiko ndi kuletsa misonkhano, oimba a dziko lonse lapansi odalira maulendo anakhala manja lende.

Pa nthawi yotere ndi pamene cimbale cimaonetsa phindu lake, cifukwa cimayenda ngakhale mwini wake ali gone. Zimbale zotsatira za Madalitso Band zinaturutsidwa ndi kampani yaing'ono ya Bongo Joe ya mumzinda wa Geneva ku Switzerland: Wasalala mu 2019, Musakayike mu 2022, ndi Ma Gitala mu 2025. Taonani maina amenewa. Onse ali m'cinenero cathu comwe cino. Anthu a ku Ulaya amabvina nyimbozi osamva tanthauzo la mau. Inu muli ndi mwai woposa iwo, pakuti mungathe kubvina ndi kumva zonse ziwiri.

Tsopano nchito ya sabata ino. Aphunzitsi, gawani ana m'timagulu ta anai kapena asanu. Kagulu kali konse kapeze citini, kamtengo kowongoka, waya kapena cingwe colimba, ndi kabotolo. Kudula ndi kukunga waya mucite ndinu akulu, cifukwa waya akaduka amalasa m'maso. Ana ayese kutalika kwa waya ndi rula, aike cizindikiro pakati peni-peni, ndipo amvetsere liu la waya wathunthu ndi la theka lake. Alembe m'mabuku mwao kusiyana kumene amva. Pomaliza, mwana ali yense akafunse agogo kapena munthu wamkulu wa m'mudzi dzina la coimbira cimodzi cimene anali kuimba pa ubwana wao, ndi mtengo umene anali kusema popanga coimbiraco. Mainawo muwalembe pa bolodi, ndipo muwasunge kufikira phunziro lathu lotsatira. Tsalani bwino.